Mafunso ndi mayankho: kusoka shati pakhomo ndi kuika mabatani pa makina

Mafunsowa sindinapeke ayi, ndi omwe anthu amandifunsa pakhonde pomwe ndimasokera pa Kamuzu Road kuno ku Salima, ena amachita kuimika njinga kuti afunse, ena ndi azimayi anzanga akutchalitchi omwe anagula makina koma mpaka lero akungopinda zitenje ndi kusoka mapilo basi, shati akuiopa ngati ili ndi mano. Nde ndatopa kubwereza zomwezomwezo, ndati ndingolemba kamodzi. Ndayamba ndi za mabatani chifukwa ndi zomwe zimafunsidwa kwambiri komanso ndi pomwe shati yosoka pakhomo imadziulula, munthu wasoka bwinobwino masiku atatu kenako mabatani n'kuika mothamanga poti wayiwona kuti yatsala pang'ono kutha.

Ndili ndi makina akuda opalasa aja, Butterfly. Angaike mabatani?

Ayi mayi, sangaike. Kaya ndi Butterfly kaya ndi Singer yakale ija ya agogo, makina akudawo singano yake imangokwera ndi kutsika pamalo amodzi, siyipita uku ndi uku. Batani lili ndi mabowo awiri oyandikana, singano imayenera ilowe la kumanzere, ituluke, idumphire la kumanja, nde makina osadziwa zigizagi, msoko wopita uku ndi uku uja, angadumphe bwanji? Wina akakuuzani kuti mungogula kaphazi ka mabatani, kachitsulo kopondereza batani pansi pa singano, muike pa makina anu akuda zitheka, ameneyo akufuna ndalama zanu. Shati yonse mukhoza kusoka pa makina akudawo ndipo msoko wake umakhala wokongola kuposa makina ambiri amagetsi, koma mukafika pa mabatani tengani singano yapamanja kapena pitani kwa mnzanu wa zigizagi.

Nanga makina ake ndi ati?

Aliwonse omwe ali ndi zigizagi yoti mukhoza kuikulitsa ndi kuichepetsa. Makina amagetsi a m'nyumba aja a Brother, Janome, Singer, olo akhale ogula ogwiritsidwa kale, bola zigizagi ikugwira. Matelala ena ali ndi Singer 20U, yaikulu ija yomwe amasokera mabowo olowetsa mabatani pa yunifolomu ndi kupeta, nayo imaika. Osasokoneza ndi kamakina kopanira kaja komwe timakutira batani ndi chitenje kapena kukhomera mabatani achitsulo odina, kameneko n'kena, sikasoka.

Tandiuzani mmene mumaikira, pang'onopang'ono.

Chabwino. Choyamba mano aja omwe amakoka nsalu pansi pa kaphazi atsitsidwe, makina ambiri ali ndi kotembenuza kapena kokankha kumbuyo kwake kapena pafupi ndi pomwe pamalowa bobini, kosungira ulusi wapansi kaja. Ngati anu alibe, amabwera ndi kachivindikiro kophimbira manowo, ngati nako kanatayika ingoikani kutalika kwa sitichi pa 0, zimathekabe. Cholinga n'choti nsalu isayende olo pang'ono.

Kenako ikani kaphazi ka mabatani, kafupi kotseguka kutsogolo kaja, nthawi zambiri kamakhala ndi labala wa buluu kuti batani lisaterereke. Ine kanga kanasowa kalekale ana akusewera nako, nde ndimangochotsa kaphazi konse n'kupanira batani ndi chitsulo chomwe chimagwira kaphazicho, zimagwira ndithu koma pamafunika kusamala zala. Batanilo ndimayamba ndalimata pa nsalu ndi kaselotepi kowonekera mkati pamalo pomwe ndalemba ndi choko, singano imaboola selotepiyo popanda vuto, mukatha mumangomatula.

Tsopano apa ndi pomwe anthu amaphonya. Musaponde kaye! Gwirani gudumu la kumanja lija ndi dzanja, zunguzirani kwa inu pang'onopang'ono mpaka singano itsike ilowe pakati penipeni pa bowo la kumanzere, tsitsani kaphazi, pitirizani kuzunguza singano ikwere n'kulowera kumanja, muiyang'anitsitse ikamatsika. Ngati ikulunjika pa pulasitiki imani, kulitsani kapena chepetsani zigizagi mpaka ilowe pakati pa bowo lachiwirilo. Mabatani ambiri a shati mabowo ake amatalikirana mamilimita 3 kapena kupitirira pang'ono, koma musakhulupirire nambala, khulupirirani maso anu. Ikalowa bwino mbali zonse kawiri, ndiye pondani mofatsa, masitichi 8 kapena 10 akwana. Batani la mabowo anayi mumayamba awiri akufupi ndi inu, kukweza kaphazi, kusuntha pang'ono, kumaliza awiri enawo.

Pomaliza musadule ulusi pafupi ayi, siyani wotalika ngati chala. Tembenuzani nsalu, kokani ulusi wapansi uja mpaka wapamwamba utulukire kuseri, mumange mfundo ziwiri kapena zitatu ndi manja ndipo pamenepo mudule. Inde ndi ntchito yotopetsa pa mabatani 7, koma mfundo imeneyi ndi yomwe imagwira batani, makina amangozunguza ulusi basi.

Ndinakuwonani mukuika kamtengo ka machesi pa batani, n'chiyani chimenecho?

Hahaha anthu amaganiza kuti ndi mankhwala eti. Batani likamatirira kwambiri pa nsalu, mbali inayo ya shati imasowa polowa, mukamanga pamachita makwinya mozungulira batani lililonse ndipo mwiniwake amalimbana nalo m'mawa uliwonse mpaka tsiku lina lidzathothoka ndi nsalu yomwe. Nde kamtengo ka machesi timakagoneka pamwamba pa batani pakati pa mabowo awiri aja, ulusi uzidutsa pamwamba pake. Mukatha mumasolola kamtengoko, kukokera batani m'mwamba, pansi pake pamatsala kakhosi ka ulusi. Ofuna zolimba zenizeni amatenga ulusi wotsala uja n'kuzunguliza kakhosiko kanayi kasanu asanamange mfundo. Pa shati ya nsalu yopyapyala phini wamba amakwana, machesi ndi a chitenje chokhala ndi sitifu (kansalu komata kolimbitsira) mkati kapena khaki.

Singano yathyoka kawiri, batani lasweka. Ndikulakwitsa pati?

Mwina simunayese ndi dzanja, mwina munayesa pa batani loyamba lokha n'kuganiza kuti onse ndi ofanana. Mabatani a mpaketi imodzi omwe timagula pamsikawa pena amasiyana mabowo, lina lopendekeka lina mabowo ofinyana. Ine zinandichitikira Okutobala wina, sabata ya Tsiku la Anakubala, ntchito itandithina zitenje za mayunifolomu zili mulu, ndinali kumaliza shati ya bambo ena aku Lifuwu omwe anali atakhala pabenchi pomwepo kudikira. Mabatani asanu anayenda bwino, lachisanu ndi chimodzi ndinangoponda osayang'ana, ndinangomva kuti thwa! kansonga ka singano kanandimenya pansi pa diso apa, batani pakati n'kugawikana, chotsalira cha singano chija n'kung'amba kabowo pa shati yatsopano. Bambowo anangoti "pepani mayi" koma nkhope yawo inkanena zina. Kuyambira pamenepo batani lililonse ndimaliyesa ndi dzanja olo ndichedwe, ndipo amene ali ndi magalasi avale.

Onaninso singano yanu ngati siyopindika, igonekeni pagalasi kapena pa tebulo losalala muone. Ndipo makina a m'nyumba amafuna singano yaphwatalala mbali imodzi kumutu kwake, yobulungira ija ndi ya makina akuluakulu. Ya nambala 12 kapena 14 ndi yokwana pa shati, 16 musungire majinzi.

Magetsi akazima ndiye basi?

Pa mabatani ayi. Ngati makina anu si a kompyuta aja okhala ndi kasikirini, mukhoza kuzunguza gudumu ndi dzanja masitichi onse 10, n'zochepa zimenezo. Ine masiku ena ndimaikira choncho olo magetsi alipo.

Amati mabatani oika pa makina sachedwa kuthothoka, ndi zoona?

Zoona pang'ono. Mbiri yoipayi inachokera ku mashati a m'sitolo. Kumafakitale ambiri amagwiritsa makina a mabatani okhaokha, ngati Juki MB-373, omwe amasoka ndi ulusi umodzi wopanda bobini, msoko wa unyolo ngati wotsekera thumba la feteleza uja. Mukapeza kansonga koyenera n'kukoka, ulusi wonse umasololoka batani n'kugwa. Makina anu a m'nyumba ali ndi ulusi uwiri wokolana, wapamwamba ndi wa m'bobini, nde mukamanga mfundo kuseri monga ndanenera silichoka wamba. Osamanga mfundo ndiye inde, kuchapa katatu lapita.

Choyamba n'chiyani, mabowo a pa shati olowetsa mabatani kapena mabataniwo? Ndipo mbali iti?

Mabowo kaye nthawi zonse. Batani mukaliphonya mumalichotsa n'kulisuntha, bowo mukadula mwadula. Mukatha mabowo yalani shati pa tebulo, gundanitsani mbali ziwirizo monga imakhalira munthu akavala, kolala ilingane, pansi palingane, baya mapini, kenako lowetsani pensulo pakati pa bowo lililonse mulembe kadontho pansi. Pamenepo ndi pa batani.

Shati ya abambo mabowo amakhala kumanzere kwa wovalayo, mabatani kumanja. Ya amayi ndi motembenuza. Kumanzere kwa WOVALA, osati kwa inu mukuyang'ana shati ili pa tebulo, apa ambiri timagwa, ndipo mnyamata wa sekondale mukamusokera motembenuza anzake amuseka mpaka shatiyo adzaibisa pansi pa sutikesi. Mabowo a kutsogolo amaima chotsika, la pakhosi lokha ndi lomwe limagona chopingasa. Kutalikirana kwake mainchesi atatu ndi theka, pafupifupi masentimita 9.

Bowo likhale lalikulu bwanji, ndipo ndidule ndi chiyani?

Yezani batani kuchoka mbali ina kufika inzake muonjezere mamilimita 3. Mabatani wamba a shati amakhala mamilimita 11 kapena 12 nde bowo limabwera cha pa 14 kapena 15. Yesani kaye pa kansalu kotsala kokhala ndi sitifu mkati ngati shati yeniyeniyo, mudule, mulowetse batani muone. Podula bayani phini chopingasa kumapeto onse awiri kuti lezala likaterereka ligunde phini lisapitirire, ndipo lezala likhale latsopano, lobuntha ndi lomwe limakupangitsani kukankha mwamphamvu.

A makina akuda mabowo amasoka pamanja ndi sitichi yokolowekakoloweka ija, imatenga nthawi koma ikasokedwa bwino ndi yolimba zedi. Kapena nyamulani shatiyo mupite nayo kwa telala wa zigizagi, ambiri timalipiritsa pa bowo limodzilimodzi, palibe manyazi pamenepo, matelala a pakhonde ambiri amachita choncho.

Shati ikuyasama pamimba kapena pachifuwa, ndionjezere batani?

Ngati shatiyo ndi yothina, batani lina silithandiza, lingoonjezera poyasamira pena. Koma ngati ili bwino, vuto ndi loti palibe batani pamalo pomwe thupi latumphuka kwambiri. Musanalembe mabowo muvekeni mwiniwake, pezani pomwe pali potukuka, kwa abambo ena ndi pamchombo kwa amayi ndi pachifuwa, batani limodzi likhale pomwepo ndendende, enawo muwerengere kuchokera pamenepo kukwera ndi kutsika.

Ndigule nsalu yanji, yochuluka bwanji?

Kuno kwathu funso loyamba ndi kutentha. Munthu wa ku Dedza kapena ku Ntchisi akhoza kuvala poliyesitala osadandaula, koma kuno Okutobala ndi Novembala, munthu wapalasa njinga kuchoka ku Senga Bay kufika pa boma, shati ya pulasitiki ija imamata pamsana ngati jumbo. Gulani ya kotoni. Chodabwitsa thonje timalima konkuno koma zitenje zambiri zotchipa zomwe zadzaza pamsika ndi poliyesitala yokhayokha, yowala bwino m'maso. Kuyesa kwake n'kosavuta, sololani timaulusi m'mphepete muyatse ndi machesi, kotoni imapsa n'kusiya phulusa lofewa fungo ngati pepala, poliyesitala imasungunuka n'kuuma kambulu kolimba. Osayatsira mushopu mwa eni ake chonde.

Kuchuluka kwake, chitenje chimodzi cha mamita 2 chimatulutsa shati ya manja aafupi ya munthu wa thupi lapakati, koma mothinana, palibe malo olakwitsa. Bambo wa mimba, kapena manja aatali, kapena chitenje cha maluwa akuluakulu omwe mukufuna akumane kutsogolo, gulani mamita 3 mugone tulo. Oyamba kumene musayambire pa chitenje chodula, pitani pa kaunjika mugule bedishiti ya kotoni muphunzirirepo, ikakhala bwino ndi shati ndithu yovalira kumunda.

Amene amapita ku Lilongwe nsalu zopanda maluwa, sitifu ndi mabatani a mapaketi akuluakulu amazipeza m'mashopu a ku Malangalanga ndi kuzungulira Area 2, bola kutumiza wina kusiyana n'kugula limodzilimodzi.

Kodi n'zoona kuti ndiyenera kuchapa nsalu ndisanadule? Si ithera kukongola?

Chapani. Kotoni imabwerera ikalowa m'madzi koyamba, mukasoka osachapa shati imakwana bwino Lachisanu loyamba ku ofesi, Lachisanu lachiwiri kolala siyikumana. Komanso mumaoneratu ngati ikutaya mtundu. Yanikani pamthunzi, sitani isanaumitsitse.

Ndilibe patani, ndiyambire pati?

Njira yomwe ndimaphunzitsira ana anga a ntchito ndi iyi, pezani shati yakale yomwe mwiniwake amaikonda mmene imamukhalira, yong'ambika kale, muiphwasule msoko uliwonse ndi lezala mofatsa. Mupeza zidutswa izi, kutsogolo kuwiri, kumbuyo, yoko ya pamapewa yomwe imakhala iwiri, manja, kolala, kamzere konyamula kolala kaja ndi thumba. Sitani chilichonse chiwongoke, jambulani pa pepala la thumba la simenti kapena nyuzipepala, lembani dzina pa chidutswa chilichonse. Pophwasulapo muziyang'ana mmene anasokera, ndi sukulu yaulere imeneyo.

Ngati mukuyeza munthu, chifuwa muonjezere mainchesi 4 mpaka 6 kuti mphepo izilowa, khosi muyeze zala ziwiri zili mkati mwa tepi. Ndipo zidutswa zikuluzikulu zigone motsata utali wa nsalu, kulingana ndi mphepete ya fakitale ija yokhala ndi zilembo, mukadula chopendekeka pofuna kupulumutsa nsalu shati idzapotoka ikachapidwa, mzere wa mabatani n'kumalowera kunthiti. Pa chitenje yang'ananinso maluwa, ndinaonapo shati nsomba zake zonse zitayang'ana pansi kutsogolo, kumbuyo zitayang'ana kumwamba.

Ndiyambe kusoka chiyani? Kolala ikundikanika.

Ine ndimayamba ndi mizere ya kutsogolo ya mabatani ndi mabowo, kumata sitifu, kupinda, kusita, kusoka. Kenako thumba nsalu idakali yoyala, kenako yoko, mapewa, kolala, manja ndisanatseke m'mbali, ndiye msoko umodzi kuchoka kumapeto kwa dzanja kudutsa m'khwapa mpaka pansi, kupinda pansi, mabowo, mabatani.

Kolala siikanika chifukwa cha makina, imakanika chifukwa cha simbi. Sitifu dulani yocheperako osafika m'misoko kuti m'mphepete musanenepe, poimata musamayendetse simbi uku ndi uku, ingodindani, kwezani, dindani pena, mutaika kansalu pamwamba. Pa nsonga za kolala fupikitsani sitichi, mukatha dulani kansalu kotsala pansongapo musanatembenuze, ndipo potulutsa nsonga musagwiritse sizasi imaboola, kamtengo kosongola pang'ono kali bwino. Pindani kolala pakati muone ngati nsonga ziwiri zikufanana MUSANAILUMIKIZE ku shati. Polumikiza yambani kubaya phini pakati pa msana, kenako kumapeto konse, kenako pakatipakati, mukayambira mbali imodzi mudzafika kwinako kolala yatsala kapena yaperewera. Msoko uliwonse mukasoka sitani musanapite pa wina, makala azikhala oyaka tsiku lonse. Ndikudziwa makala adula koma nanga titani.

Ndilibe ovaloko, makina otsekera m'mphepete mwa nsalu aja, mkati mukhala mukuyoyoka ulusi?

Ayi, ndipo mashati abwino enieni mulibe ovaloko mkati, tembenuzani ya kaunjika yodula muone. Sokani msoko wanu, chepetsani mbali imodzi ya nsalu yotsalayo ndi theka, mbali yaitaliyo muipinde ikutire yaifupi, goneketsani, sokaninso mzere wachiwiri. Ndi msoko womwe umaoneka pa jinzi uja, makina akuda amausoka bwino kwambiri.

Ulusi ukupiringizana pansi pa nsalu ngati chisa.

Musayambe kumasula kasikuluwu ka pa shato ya bobini, nthawi zambiri vuto lili pamwamba. Chotsani ulusi wapamwamba wonse muulowetsenso, kaphazi kali m'mwamba, chifukwa kakakhala pansi timbale ta tensheni tothina ulusi tija timakhala totseka ulusi sulowa pakati. Poyamba msoko gwirani nsonga ziwiri za ulusi kumbuyo. Zikapitirira tsegulani pansi muchotse thonje ndi fumbi, kuno mphepo ya mwera imabweretsa mchenga mpaka m'makina, dontheza oyilo wa makina weniweni, osati wophikira ayi, ameneyo amauma ngati ulimbo.

Mabatani abwino ndiwapeza kuti? Anga akumasweka pochapa.

Ambiri a pamsika ndi opyapyala, ndipo machapidwe athu kunyanja kuja omenyetsa pamwala palibe batani lotchipa lomwe lingapirire. Ine ndikapita pa kaunjika ndimasakasaka mashati ong'ambika omwe palibe akuwafuna, a mtengo wotsikitsitsa madzulo msika ukutha, ndimagulira mabatani okha. Shati imodzi imandipatsa 7 akutsogolo, ena a m'manja, pena ndi apadera omwe amasokerera mkati pansi. Amakhala okhuthala, mabowo ake olingana bwino, pa makina savuta. Ndimawasunga m'botolo la mayonezi, a shati imodzi ndimawatunga pa ulusi umodzi kuti asasokonezeke.

Inunso mukamasoka onjezerani limodzi mkati, pa msoko wa m'mbali cha pansi. Ndipo muwauze a kunyumba omwe amachapa, shati aitembenuze mabatani akhale mkati, mbali ya mabataniyo azifikisa ndi manja osamenyetsa. Posita simbi ya makala izidutsa pakati pa mabatani ndi nsonga yake, isakwere pamwamba, kapena sitirani kuseri mutayala thaulo pansi mabatani amire m'thaulomo.